Mwandida ndi Foni ya Mudzi Wonse

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Giredi 12 zinatuluka kachiwiri, Mwandida Njobvu anali pa siteji ya mabasi ku Katete, beseni la nsawa zophika lili pamutu. Anaziona pa foni yake yosweka galasi, ataima pakati pa minibasi ya ku Chipata ndi lole ya thonje. Masamu anali atamugwetsanso. Sanalire. Anangotula beseni n'kukhala pamwala, mpaka kondakitala wina anamufunsa ngati nsawazo zinali zogulitsa kapena zoonetsa.

Mayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Bambo ake anapita ku Tete kukafuna ntchito, ndipo mpaka lero akuifunabe. Amene anamulera ndi amalume ake, a Webby, mlimi wa ku Sinda, munthu wabwino mtima koma wosadziwa kulankhula mozungulira. Atamva za mayesowo anati:

"Mwandi, sukulu yakukana. Msuweni wako ku Lusaka akufuna womulerera ana. Mvula ikagwa, tikangobzala, ndikukweza basi."

Mwandida anadziwa kumene msewu umenewo umathera. Anzake a m'mudzi amene anapita kukalera ana a eni anabwerako ndi chikwama chimodzi ndi msana wowawa. Koma akanayankha chiyani, munthu wodya za amalume?

Tsono inu amene mukuwerenga, ndiloleni ndidzitchule, chifukwa nkhaniyi popanda ine ili ngati ndiwo zopanda mchere. Ndine Fanuel Daka. Ndinayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la sitolo ya munthu mumsika wa Katete, ndipo lero ndili ndi kampani yangayanga yolemba mapulogalamu a kompyuta. Ndalankhulapo pamisonkhano ku Nairobi ndi ku Kigali anthu n'kuwomba m'manja ataimirira. Ndadya mpunga wa tsabola ku Bangalore mpaka kutuluka misozi, ndaona nyumba za ku Dubai zimene ukati uziyang'ane pamwamba chipewa chimagwa. Zonsezi ndinazipeza ndi manja awiri awa. Choncho ndikanena kuti munthu uyu ali ndi mutu, musatsutse, chifukwa mitu ndaiona yambiri.

Kuseri kwa ofesi yanga ya ku Katete kuli chipinda chimene ndinaikamo makompyuta akale kuti achinyamata aziphunzirirapo. Mwandida ankabwera kudzagulitsa nsawa kwa ophunzirawo, koma ndinaona kuti nsawa zikatha sachoka pawindo. Tsiku lina ndinamudzera kumbuyo. Pa foni yosweka ija ankalemba timizere ta Python, chimodzi mwa zilankhulo zimene timalamulira nazo kompyuta.

"Iwe mtsikana, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Ndimangoonera pawindo, a Daka. Pepani ngati ndalakwa."

"Kakuchita chiyani kapulogalamu kakoka?"

"Kamauza amalume kuchuluka kwa mbewu yokwana munda wawo. Koma musadandaule nane, masamu anandigwetsa kawiri."

"Kompyuta sifunsa satifiketi," ndinatero. "Lowa, ukhale pampando uwo. Beseni siya pakhomo."

Kuyambira pamenepo m'mawa ankagulitsa, masana n'kumalemba. Ankalakwitsa kwambiri, ndipo ndikati kwambiri ndikunena zoona. Koma sankabwereza cholakwa chimodzi kawiri. Ukaipa dziwa nyimbo, anatero akuluakulu, ndipo mtsikanayu anali atapeza nyimbo yake.

Chilimwe chili pakati kunabwera mayi wina ku ofesi kwanga, amake Elvis, wapampando wa gulu la alimi lotchedwa Tiyeseko, limene lili ndi mamembala ku Sinda ndi ku Vubwi. Anali mayi wa mawu aakulu ndi maso oona patali. Gulu lawo linkafuna kuti mlimi azitumiza uthenga pa foni n'kuyankhidwa pomwepo: mvula ili pati, ndibzale liti, ndibzale motani. Anati pulogalamuyo ikawakhutiritsa nthawi yobzala isanakwane, woilembayo adzamulemba ntchito yoiyang'anira.

Anyamata anga anali otanganidwa ndi ntchito zazikulu za ku Lusaka, poti kampani yanga sisowa makasitomala. Ndinaloza Mwandida.

"Uyu wa nsawa?" anafunsa amake Elvis.

"Yemweyo, mayi. Ine sindiloza mwana wa mbuzi n'kunena kuti ndi ng'ombe."

A Webby atamva anapukusa mutu, koma anavomera. "Akakulemba ntchito mvula isanagwe, za ku Lusaka zatha. Apo ayi, basi ili pamsewu."

Mwandida anagwira ntchito ngati wothamangitsidwa. Pulogalamu imamangidwa ndi tizigawo totchedwa mafankishoni. Fankishoni ili ngati mwana womutuma: umampatsa chinthu, iye n'kubwera ndi yankho. Mwandida analemba yambirimbiri, ina ya mvula, ina ya thonje, ina ya nsawa, ina ya chimanga, ina ya soya. Atamaliza anaitana amake Elvis kuti adzayese. Mayiwo anatumiza funso n'kudikira. Anadikira mpaka anamanga chitenje kawiri. Kenaka yankho linafika: "Dikirani mvula yachiwiri."

"Aa, mwana wa ndani ameneyu wosapereka moni?" anatero amake Elvis. "Ndiye kuchedwa kwakeko, ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Alimi anga sangalankhule ndi kanthu kamwano, kaulesinso."

Mawa lake ndinapeza Mwandida akutsegula fankishoni iliyonse n'kumalembamo moni ndi manja, imodzi ndi imodzi. Maso anali atafiira.

"Leka zimenezo," ndinamuuza. "Ukafuna kupita kumaliro utavala diresi lalifupi, umalisoka kachiwiri?"

"Ayi, ndimangomanga chitenje pamwamba."

"Chitenje chimodzi chingagwire madiresi angati?"

"Onse."

"Basi, waphunzira dekoreta."

Dekoreta ndi fankishoni imene imakulunga inzake. Sukhudza za m'kati. Umalemba moni kamodzi kokha, kenaka pamwamba pa fankishoni iliyonse umaika kamzere kamodzi, mwachitsanzo @moni, ndipo kuyambira pamenepo iliyonse ikafuna kuyankha imayamba yapereka ulemu. Mwandida anayang'ana kwa nthawi, nsidze zitakumana.

"Ndiye kuti fankishoni ikhoza kulandira fankishoni inzake, osati manambala okha?"

"Ikhoza. Zoterozo timati mafankishoni apamwamba. Ku Nairobi ndinaona madokotala a maphunziro akukanda mitu pa nkhani yomweyi."

"Koma si zachilendo, a Daka. Kuchigayo injini ndi imodzi. Ukafuna mgaiwa amaika sefa ina, ukafuna ufa wosalala amaika ina. Sefa ndiyo umapatsa chigayo."

Ndinaseka mpaka mlonda anasuzumira. Tsiku lomwelo mtsikanayo anafafaniza mafankishoni ambiri ofanana, n'kusiya imodzi yolandira sefa: ukaipatsa lamulo la thonje iwerengera thonje, ukaipatsa la nsawa iwerengera nsawa. Pulogalamu inachepa ngati munthu wochira kutupa.

Chinatsala ndi kuchedwa. Funso lililonse linkayenda pa intaneti kukatenga za nyengo kutali, ndipo netiweki ya kumidzi mukuidziwa. Ku Vubwi foni ikhoza kugona ili mu Zambia n'kudzuka ikukulandirani ku Malawi. Ndinafunsa Mwandida kuti pa siteji paja anthu ankamufunsa chiyani kawirikawiri.

"Ankati, basi ya ku Chipata yapita?"

"Unkathamangira kwa kondakitala munthu aliyense akafunsa?"

"Ayi. Ndinkafunsa kamodzi, otsatirawo ndinkangowauza za m'mutu."

"Phunzitsa kompyuta khalidwe lomwelo. Ikapeza yankho kamodzi isunge. Funso lomwelo likabweranso isayende ulendo. Dzina lake ndi memoizeshoni, koma iwe ungoti kukumbukira."

Analemba dekoreta yachiwiri, @kumbukira, n'kuimanga pamwamba pa mafankishoni onse. Mayankho anayamba kubwera msanga ngati mphezi. Ine ndinanyamuka kupita ku Kigali kumene anandiitana kuti ndikawaunikire, ndikusiya mwana akumwetulira.

Nditabwerako linali tsiku loonetsa pulogalamu kwa alimi a ku Vubwi. Ndinamutenga Mwandida pa galimoto langa loyera lija limene aliyense ku Katete amalidziwa kulira kwake. Tinapeza anthu adzaza pa shedi ya gulu, ena atakhala pa matumba, ena pa njinga zawo. Amake Elvis anamasula foni pa mfundo ya chitenje n'kufunsa za kabzalidwe ka thonje. Asanaphethire, yankho linafika: "Muli bwanji amake Elvis? Thonje lanu bzalani mbewu zingapo pa phando limodzi, mapando akhale otalikirana." Anthu anawomba m'manja. Ine ndinakonza kolala.

Kenaka anaimirira a Reuben, mkulu wa ndevu zoyera, mlimi wa nsawa, amenenso ndi msuweni wa amake Elvis.

"Bweretsa kuno foniyo, mkazi wanga, ndiyese nanenso."

"Mkazi wanu ndani, inu okalamba? Gwirani bwino, musaithire fodya."

A Reuben analemba funso lawo pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, n'kupatsa mphunzitsi wina wopuma ntchito kuti awerenge mokweza. Mphunzitsiyo anatsokomola, nawerenga: "Muli bwanji amake Elvis? Thonje lanu bzalani mbewu zingapo pa phando limodzi."

Shedi yonse inagwa ndi phwete. Amayi ankagwirana mapewa. Wina kumbuyo anati, "Mwaswera bwanji amake Elvis a ndevu?" A Reuben anasisita ndevu zawo n'kunena kuti pa zaka zawo zonse palibe anawauzapo kuti anabereka Elvis. Foni inapita kwa wachitatu, mlimi wa soya, nayenso anakhala amake Elvis wa thonje. Wachinayi chimodzimodzi.

Kuseka kutatha, amake Elvis sanasekenso.

"Mwana wanga, izi n'zoseketsa pano pokha. Nsawa timabzala imodzi pa phando, pafupipafupi. Munthu akamvera kanthu kako n'kubzala nsawa ngati thonje, chaka chake chapita, ana ake adya chiyani? Msonkhano wina ulipo mvula isanagwe. Ukadzabweranso ndi zoterezi, tidzasiyana bwinobwino."

Cholakwa chinali ichi. Mwandida anauza dekoreta yake kuti izikumbukira mayankho potsata nambala ya foni. Maphunziro onse a pa intaneti amene anawerenga analembedwa ndi anthu a kumaiko kumene foni imodzi ndi ya munthu mmodzi, mwina munthu mmodzi mafoni atatu ngati ine. Koma kwathu kuno foni imodzi ndi ya mudzi wonse. Pulogalamu inkaona nambala yomweyo, n'kunena kuti uyu ndamuyankha kale, n'kutulutsa zakale.

M'galimoto pobwerera, titafika pa tala, Mwandida anatembenukira kwa ine. Anati:

"A Daka, mungondikonzera. Inu simungachedwe nazo."

"Zoona, sindingachedwe nazo. Ine zoterezi ndimakonza ndikumwa tiyi. Koma ndikakukonzera, ku Lusaka udzapitabe, kungoti mochedwerapo. Ntchito akufuna kulemba iwe, osati ine."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Wawerenga za azungu zakwana. Pita ukawerenge anthu ako."

Anandikwiyira, ndikudziwa. Koma mawa lake anamanga kachikwama, nakwera galimoto za matola kubwerera ku Vubwi, n'kukapempha malo kwa amake Elvis omwewo amene anamudzudzula. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumupatsa mphasa ndi lichero la nsawa zoti asende.

Masiku oyamba amene anakhala kumeneko sanalembe kalikonse. Ankangotsatira foni. Anaona kuti m'mawa imapita pa njinga kumudzi wina, masana imabwerera m'thumba la munthu wina. Anaona kuti netiweki yabwino imapezeka pamwamba pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo anthu amaima pamzere pansi pa chulucho ngati pa mjigo, foni n'kumakwera ndi kutsika m'manja osiyanasiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lina ali m'khitchini ndi amake Elvis, panja panamveka mawu.

"Odi kuno."

"Ee, ndani?" anayankha mayiwo osatuluka.

"Ndine amake Prisca, ndati mundibwereke foni."

"Oo, lowani amake Prisca. Mwadzuka bwanji? Mwendo uja uli bwanji?"

Mwandida anasiya kusenda. Khomo ndi limodzi, koma mwini nyumba sapereka moni kwa khomo. Amayamba wafunsa kuti ndani, kenaka moni umatsata munthuyo. Pulogalamu yake inkapereka moni kwa khomo.

Anaonanso china pa chulu paja. Alimi onse a thonje a dera limenelo ankafunsa zofanana, a nsawa nawonso zofanana. Ndiye kuti yankho si la foni, si la munthunso. Yankho ndi la mbewu, dera ndi tsiku. Ndipo za mvula sizigonera: zimene zinali zoona dzulo zikhoza kukhala bodza lero.

Anakhala pansi pa mtengo ndi laputopu yakale imene ndinamubwereka. Apa ndi pamene mudziwe ubwino wa chitenje. Mafankishoni ake onse otsala aja, ndi malamulo a thonje, a nsawa, a soya, sanakhudze ngakhale pang'ono. Anangokonza madekoreta awiri okha. Wa moni anauphunzitsa kuyamba ndi kufunsa kuti ndani. Wokumbukira anauphunzitsa kusunga mayankho potsata mbewu, dera ndi tsiku, ndi kuiwala za nyengo kukacha. Akanakhala kuti analemba zonsezi ndi manja m'fankishoni iliyonse, mvula ikanamupeza asanafike pakati.

Pa msonkhano wachiwiri mitambo inali itayamba kale kuunjikana cha ku Mozambique. Ulendo uno ndinanyamulanso a Webby, amene anati akufuna kudzionera okha asanagule tikiti. Anakhala kutsogolo, chipewa pa bondo.

A Reuben sanadikire kuitanidwa. Analanda foni m'manja mwa msuweni wawo.

"Lero ndiyambe ndine. Kakanditchulanso amake Elvis, ndipita kukasoketsa diresi."

"Likakukhalani bwino," anatero amake Elvis. "Miyendo muli nayo."

Mphunzitsi uja anawerenga: "Takulandirani. Kodi ndikulankhula ndi ndani, ndipo mukufunsa za mbewu yanji?"

A Reuben analemba dzina lawo ndi mbewu yawo. Yankho linatenga kanthawi pang'ono, poti linali loyamba tsikulo, ndipo ndinaona Mwandida atagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenaka linafika: "Muli bwanji a Reuben? Nsawa zanu bzalani imodzi pa phando, pafupipafupi. Koma musafulumire, dikirani nthaka inyowe bwino."

"Aka tsopano kaleredwa," anatero a Reuben.

Foni inayamba kuyenda. Wa soya anayankhidwa za soya ndi dzina lake. Wa chimanga za chimanga. Mlimi wachiwiri wa nsawa atafunsa, yankho linabwera chala chisanachoke pa batani, chifukwa pulogalamu inali itasunga kale la a Reuben. Anthu akamachuluka, m'pamene inkafulumira. Mayi wina anayesa kuipusitsa, nalemba dzina la mwamuna wake amene analipo pomwepo, ndipo itamupatsa moni wa bamboyo anthu anaseka, koma kunali kuseka kwina.

Amake Elvis anaimirira, nafunsa gulu ngati pali wotsutsa. Panalibe. Anatembenukira kwa Mwandida.

"Mwana wanga, ntchito ndi yako. Uyambe Lolemba. Koma nsawa zanga zija sunamalize kusenda."

A Webby anakhala kanthawi akuzunguza chipewa m'manja. Kenaka anapita kwa amake Elvis n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mayi, mundibwerekeko foniyo."

Anakwera pa chulu, munthu wamkulu ndi jekete lake, ndipo tonse tinamva akulankhula ndi mwana wawo wa ku Lusaka: "Iwe, funa wina wokulerera ana. Uyu sabwera. Ali ndi ntchito kuno, ntchito ya mutu."

Atatsika sanamuyang'ane Mwandida m'maso. Anangoti, "Ndiye soya wanga uja, kakuti ndibzale liti?"

Lero pulogalamu ya Mwandida ikuyankha alimi kuyambira ku Sinda mpaka kumalire, ndipo magulu ena akumuitana. Ndamuuza kuti mu kampani yanga muli desiki yomudikira. Akuti aganizira. Tangomvani, munthu kuganizira desiki ya Fanuel Daka. Koma sindikwiya, chifukwa ndi mmene amayankhira anthu amene adziwa mtengo wawo.

Tsono iwe amene mayeso anakugwetsa, iwe amene unasekedwa pagulu ntchito yako itakuchititsa manyazi, mvera ine amene ndazungulira dziko. Kusekedwa sikupha. Chimene chimapha ndi kuthawa pamalo pamene unasekedwapo. Bwerera pomwepo, ukhale pansi, uyang'anitsitse mmene anthu ako amakhalira, ukonze chimene chinalakwika, ndipo ukaimenso pamaso pa anthu omwewo. Mtima wako usautaye, m'bale wanga. Ugwire ndi manja awiri, ndipo mawa m'mawa uyambirenso.